Maliro Okana pa Mphambano ya a Dickson

Mukafika ku Katete n'kufunsa za Ottilia, anthu adzakufunsani kuti Ottilia wake uti. Koma mukati mukufuna aNazitsa, ngakhale amayi ogulitsa tomato adzakulozerani kuseri kwa magolosale, kumene kuli kashedi ka malata akale ndi mulu wa zitsulo. Pamenepo mudzaona miyendo itatulukira kunsi kwa galimoto. Musathamangire kunena kuti "odi abambo", chifukwa miyendoyo ndi ya mzimayi, ndipo mwini wake pakamwa sipachedwa kuyankha.

Ine ndine Webby, msuweni wake. Atate anga, a Lackson, ndi amalume ake, alongo awo a malemu mayi ake. Mwachisuweni ndimamutchula kuti mkazi wanga, iye amanditchula kuti mwamuna wake wopanda pake, ndipo takhala tikunyozana chomwechi kuyambira tili ana kwathu ku Vubwi. Ndiye musayembekeze kuti ndimukometsera. Ottilia ndi wamakani, mchere m'ndiwo amathira ngati akulanga munthu, ndipo akapsa mtima amaponya sipanala. Chipsera chili pabondo langali ndi mboni.

Dzina la aNazitsa linabwera ndi ntchito. Bawuti likathyokera m'kati mwa chitsulo, kachidutswa kotsalira m'bowomo ife timati chitsa, poti mutu wogwira ndi sipanala palibe koma mizu ilimo. Amakanika ambiri akaona chitsa amayamba kutukwana, ena amaboola mwaukali mpaka kuwononga bowo lonse. Ottilia amakhala pansi, n'kutulutsa kachitsulo kosongoka kotchedwa panchi, n'kuyamba kugogoda pang'onopang'ono ngati alibe kwina kopita. Amuna omwe amamunena kumowa kuti mzimayi uja amadzimva, m'mawa amatumiza zitsulo zawo kwa iye mobisa. Panchi imeneyo sasiyana nayo. Imakhala m'chikwama chake cha m'manja pamodzi ndi foni ndi buku la nyimbo, ndipo ku tchalitchi imapita nawo.

Anabadwa wamanzere. Kusukulu anamukwapula zala mpaka aphunzitsi anatopa okha. Kunyumba mayi ake ankamumanga dzanjalo ndi kansalu pa nthawi ya chakudya kuti aphunzire kudyera lamanja, iye n'kumangokhala phee, mbale ili patsogolo, mpaka kukagona ndi njala. Amene ankamubisira mbatata m'chitenje n'kukamupatsa kuseri kwa nkhokwe anali mkulu wake, Esnart. Pamapeto pake amene anagonja anali mayi awo.

Atasiya sukulu anapita ku Sinda kukagulitsa zitumbuwa pafupi ndi galaja ya mkulu wina, a Amosi, amene maso anali atayamba kuwavuta. Poyamba ankangowawerengera manambala a pa sipanala. Kenako anayamba kuwagwirira, kenako kumasula, ndipo tsiku lina zitumbuwa zinapserera pa mbaula mwini wake ali kunsi kwa thirakitala. Ku zitumbuwa sanabwerereko. A Amosi atamwalira, ana awo anagulitsa malowo, iye n'kusamukira ku Katete ndi bokosi limodzi la zitsulo.

Anakwatiwapo kamodzi, ndi Collins, dalaivala wa lole ya thonje. Collins anapirira fungo la dizilo kwa kanthawi, kenako anati asankhe, banja kapena galaja. Ottilia ananyamula zitsulo zake, mapoto n'kumusiyira. Amayi a ku tchalitchi anabwera kudzamulangiza za ovolosi, kuti mzimayi savala zotero pakati pa amuna. Anawalandira bwino, anawayalira mphasa, anawagulira zakumwa, kenako anafunsa ngati alipo mmodzi wa iwo amene analowapo kunsi kwa basi atavala chitenje. Amayi aja anamwa zakumwa zawo n'kutsanzika.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani ndi tsiku la maliro a Esnart, chifukwa amene sanamuone Ottilia tsiku limenelo samudziwa.

Esnart anali wosiyana ndi mng'ono wake kutalitali. Wofatsa, mawu apansipansi, munthu woti ukamuponda phazi wopepesa amakhala iye. Anakwatiwa ndi a Dickson, mlimi wa thonje wokhala ndi ng'ombe zake, ndipo anamutenga chitengwa kupita naye kumudzi kwawo. Mudziwo uli chapakati pa msewu wafumbi wochoka ku Katete kulowera ku Chadiza, womwewo umene timadzera popita ku Vubwi. A Dickson pamaso pa anthu ndi munthu waulemu, chipewa amavulira patali. Kunyumba ankamenya.

Esnart anathawako kangapo, nthawi zina diso litatupa, n'kudzafikira kwa Ottilia. Pakapita masiku a Dickson ankabwera kwa atate ndi nkhuku ndi mawu okoma, poti atate ndiwo anali nkhoswe ya banjalo. Akamuitana Esnart, ankanena mawu amodzimodzi, maso ali pansi: "Amalume, ine ndakana." Atate ankayankha kuti akazi onse amatero, apirire chifukwa cha ana. Ndiye ankamukweza minibasi n'kumuperekeza okha mpaka pakhomo pa a Dickson. Ottilia ankatsala akutukwana mpaka mawu kusasa, koma pa bwalo la ankhoswe mng'ono wa mkazi alibe mpando. Atate anga ndimawakonda, koma pa nkhani imeneyi ankandinyansa.

Matenda atamugwira Esnart chaka chathachi, Ottilia anakamutenga yekha, osapempha chilolezo kwa munthu. Esnart anatha masiku ake m'chipinda cha Ottilia, pa bedi la Ottilia, mwini bedi akugona pansi. Tsiku lina ine ndi atate tili pomwepo, anatikodola kuti tisendere pafupi.

"Ndikapita mukandiike pafupi ndi amayi ku Vubwi," anatero. "Kwa a Dickson ndakana. Mwamva, amalume?"

Atate anati amva.

Atamwalira, nkhani inavuta pa khomo la mochale. A Dickson anafika ndi mlongo wawo wamkulu, a Judith, ndi abale ena pa njinga zamoto. Anati mkazi wa chitengwa amagona kwa mwamuna wake, ndipo kwawo anyamata ayamba kale kukumba. Ifenso kwathu ku Vubwi adzukulu anali akukumba. Munthu mmodzi, manda awiri. Zinakambidwa mpaka pakhosi kuuma, ndipo atate, mwina kwa nthawi yoyamba pa nkhani ya Esnart, analimba mtima. Anati mawu a womwalira anawamva okha ndi makutu awo. A Dickson anavomera, koma ndi pakamwa pokha.

Galimoto yonyamula maliro inali yanga, kabasi kachijeremani kakale kamene ndimanyamulira mtedza, makwaya ndi maliro. Kali ndi khalidwe lake. Magalimoto ambiri a kuno mabawuti a gudumu amakhala okhazikika pa habu, chitsulo chozungulira chija chimene gudumu limamangidwapo, iwe umangomanga manati. Aka ayi. Bawuti limalowa lonse m'bowo la habu, ndiye likathyoka, chitsa chimatsekera bowo ndipo lina sungalowetsepo. Masiku am'mbuyomo ndinali nditasinthitsa matayala ku Chipata, kwa amisiri aja omanga bawuti polumphira pa paipi. Mulungu awakhululukire, ine sindinawakhululukire.

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Bokosi linali kumbuyo, amayi atakhala mbali zonse ziwiri, a Judith ali pakati pawo, Ottilia ali kumutu ndi duku lakuda. Kutsogolo ndinali ndi atate ndi a Dickson, osayankhulana. Msewu umenewo m'chilimwe umakhala mabampu okhaokha, mano amachita kugundana. Tinayenda ndithu, amayi akuimba, mpaka ndinamva kugogoda kumbuyo chakumanzere. Gu, gu, gu, kenako kabasi kanayamba kugwedeza matako. Ndinaponda buleki pang'onopang'ono n'kuima. Nditatsika ndinapeza gudumu litapendekeka. Mwa mabawuti asanu, atatu anali ataduka mitu, awiri otsala atamasuka.

Kenako ndinadzutsa mutu kuona pamene taima. Kutsogolo kwathu pang'ono, kudzanja lamanja, panali mtengo wa mkuyu ndi kanjira ka ngolo. Inali mphambano yolowera kumudzi kwa a Dickson. Msewu wonse uja, gudumu linasankha pamenepo.

A Judith anatsika, anayang'ana gudumu, anayang'ana mkuyu, n'kugwira pakamwa.

"Akukana," anatero.

Sananene mokweza, koma nyimbo m'kabasi inaduka. Kwathu kuno aliyense amawadziwa mawu amenewo. Galimoto ya maliro ikafera panjira, amati womwalirayo akukana kumene mukupita naye, ndipo mukamukakamiza, mkwiyo wake mudzauonera pa ana. Ine ndimapemphera, galimoto ndayendetsa zaka zambiri, mabawuti othyoka ndawaona, koma ndisaname, ndinaopa.

A Dickson anavula chipewa n'kupita kwa atate.

"Apongozi, mwaona nokha. Ine sindinakambe kanthu, wakamba ndi mwini wake. Akufuna kwawo, kumene anasiya ana ake ndi munda wake."

M'maso mwawo munali misozi, ndipo sindinganene kuti inali yabodza. Anatuma mmodzi wa a njinga zamoto kuti akauze anthu amange ng'ombe, abwere ndi ngolo. Ndinayesa kuimbira mnzanga wa minibasi ku Katete, koma pamenepo netiweki kulibe. Atate anangoima, osati inde, osati iyayi.

Mwambo umati namfedwa amakhala kumutu kwa bokosi, ntchito amagwira ndi ena. Ottilia analumpha miyendo ya amayi aja n'kutsika. Anagwada m'fumbi ndi chitenje chake chomwecho, analowetsa chala m'mabowo, anagwedeza gudumu.

"Webby, jeke."

"Mkazi wanga, anthu akuti..."

"Makutu ndili nawo. Jeke."

A Dickson anasendera. "Alamu, ngati mukweza motoka, bokosi litsike kaye. Tiliike pamthunzi apo pa mkuyu. Si ulemu kupendeketsa maliro."

Zinamveka zanzeru, ndipo amuna awiri anali atayamba kale kulowera ku chitseko chakumbuyo. Ottilia anawapitirira, n'kutsamira chitsekocho ndi msana.

"Bokosi ili likatsika pano silikweranso. Ine ndikudziwa, inunso alamu mukudziwa. Amayi atsike, Esnart akhale momwemo. Amalume, lowani mukhale naye."

Atate analowa msangamsanga. Ndikuganiza kuti anakondwa kuchoka pamaso pa anthu.

Tinatchinga magudumu ena ndi miyala. Ndinakweza jeke, ndinamasula mabawuti awiri otsala aja, gudumu n'kutuluka. Habu inaonekera ndi zitsa zake zitatu. Chimodzi chinatulukira kunja pang'ono, china chinathyokera molingana ndi chitsulo, chachitatu chinali m'kati mwenimweni mwa bowo.

"Ngakhale uzichotse, mabawuti ena tiwatenga kuti?" ndinamufunsa chapansipansi. "Apadera ndilibe."

"Umakhala ndi chiyani iwe? Magudumu akutsogolo apereka limodzi limodzi. Anayi anayi tifika. Ndikufuna mabowo awiri chabe."

Anandiuza kuti nditunge mafuta a mabuleki ndi kachitsekerero ka botolo, ndipo anadonthezera pa zitsa kuti dzimbiri lifewe. Anagogoda habu mozungulira ndi hamala yanga, n'kudikira pang'ono. Chitsa choyamba anachiluma ndi pulayala, anachigwedeza uku ndi uku, ndipo chinatembenuka n'kutuluka ngati dzino la mwana. Mayi wina wa kwathu anati "zikomo Ambuye" chamumtima koma tinamva tonse. A Judith anamuyang'ana mpaka anazyolika.

Chachiwiri pulayala panalibe pogwira. Ottilia anaitanitsa chikwama chake cha m'manja, anatulutsa foni, anatulutsa buku la nyimbo, n'kutulutsa panchi. Anadinda kadzenje m'mphepete mwa chitsa, kenako anapendeketsa panchi kuti akamenya izikankhira chitsacho kumanzere, kumene bawuti limamasukira. Hamala inali m'dzanja lake lamanzere, monga mwa nthawi zonse.

"Taonani," anatero a Judith kwa amayi anzawo. "Mpaka ndi lamanzere, pamaso pa maliro. Kodi mwana ameneyu analeredwa ndi ndani?"

"Ndi mayi amene akudikira mwana wawo ku Vubwi," anayankha Ottilia osacheuka.

Ndiye anagogoda. Ke, ke, ke. Dzuwa linali pamutu, ntchentche zikutizungulira, anthu a njinga odutsa akutsika kuvula zipewa n'kuima kuti aone. Chitsa sichinasunthe. M'mphepete mmene anadinda munabenthuka, anasamukira mbali ina n'kudindanso. Anadonthezeranso mafuta. Ndinagwada pafupi naye kuti ndimutchingire dzuwa ndi katoni, ndipo ndinaona kuti hamala ikumaphonya panchi, chinthu chimene sindinachionepo chikhalire. Munthu anali atatha masabata osagona bwino, akusamalira wodwala.

"Ndipatse ndiyeseko," ndinatero.

"Iwe umenya ngati ukuswa miyala. Gwira katoni."

Sipanapite nthawi, hamala inaterereka n'kugwera pa chala chake chachikulu cha kumanja. Chikhadabo chinang'ambika, magazi anadonthera pa habu. Sanalire. Anang'amba m'mphepete mwa chitenje ndi mano, anamanga chalacho, n'kutolanso panchi.

"Magazi atuluka," anatero a Judith. "Mukufunanso chizindikiro china chotani?"

Apa ngakhale amayi a kwathu anayamba kunong'onezana. Wina anati mwina Esnart akumvera chisoni ana ake, wina anati zinachitikapo kwawo, anakakamiza maliro, chaka chomwecho mwana n'kumira pa mtsinje. Ndinafuna kuwakalipira, koma inenso mantha anali atandigwira. Kenako tinamva kulira kwa chikwapu. Pa kanjira kaja panatulukira ngolo, ng'ombe ziwiri zakuda kutsogolo, amuna a m'mudzi akutsatira pambuyo. Pa ngolopo anali atayalapo kale mphasa.

Atate anatsika m'kabasi. Anaima kumbuyo kwa Ottilia, ndodo ili m'manja, ndipo anayankhula ndi mawu omwe aja amene ankabwezera nawo Esnart, ofewa, omveka achikondi.

"Ottilia, mwana wa mlongo wanga, leka. Tayesa. Ndi amoyo tingalimbane, ndi akufa iyayi. Mwina anasintha maganizo. Tisadziputire zinthu."

Ottilia anaika hamala pansi n'kuimirira. Nkhope inali thukuta ndi girisi, duku litapendekeka. Sanakuwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa, chifukwa Ottilia wokuwa ndimamudziwa.

"Amalume, Esnart anali ndi pakamwa. Anakana kwa inu diso litatupa, munati akazi amatero. Anakananso nthiti zikumupweteka, munamukweza minibasi. Anakana pa bedi langa mpweya ukumuthera, munati mwamva. Zaka zonsezi munthu akukana ndi pakamwa pake, palibe anamumva, inu kapena alamu kapena a Judith awa. Lero wafa, bawuti lathyoka, nonse makutu atseguka. Chitsulo mwachimva msanga bwanji?"

Atate anayang'ana pansi. Ine ndinamva manyazi m'malo mwawo, komanso ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, chifukwa mawu amenewo anachedwa zaka zambiri.

A Dickson anakodola amuna a pa ngolo aja. "Zokamba zatha. Tsitsani bokosi."

Ottilia anakhalanso pansi, koma ulendo uno miyendo yonse iwiri anailowetsa kunsi kwa habu, mpaka m'maondo. Kabasi kanali katatsamira pa jeke yanga yakale, pa dothi la mchenga. Aliyense ankaona kuti amuna akakwera n'kuyamba kukoka bokosi, jeke ipulumuka, chitsulo chonse chigwera pa miyendo yake.

"Kokani," anatero. "Manda muli nawo kale awiri."

Amuna aja anaima pomwe anali. Mmodzi anali atagwira kale chogwirira cha chitseko, anachisiya pang'onopang'ono. Ine ndinataya katoni, n'kukaima pa chitsekopo ndi sipanala ya magudumu m'manja. Sindikudziwa kuti ndikanachita nayo chiyani, poti ine ndewu sindiitha, koma ndinaimapo.

Ottilia anatola panchi. Anasankha malo atsopano m'mphepete mwa chitsa, anadinda mozama, anapendeketsa. Ke, ke, ke. Panalibenso wonong'ona. Ng'ombe zinkangopukusa michira. Kuchokera pa chitseko ndinkaona kadzenje kamene anadinda, kakuwala pa dzuwa, kali pamwamba pa chitsa. Ndinakayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Kenako ndinaona kuti sikalinso pamwamba penipeni, kasendera kumanzere pang'ono pokha.

"Chayenda," ndinatero.

"Khala chete, ungachidzidzimutse."

Anamenyanso, kadzenje kanatsika. Anabwezako pang'ono chakumanja kuti mafuta alowe, n'kumenyanso chakumanzere. Chitsa chinayamba kutulukira kunja, ndipo posakhalitsa anachigwira ndi pulayala n'kuchipotokola mpaka chinagwera m'manja mwake. Anachitembenuza n'kuyang'ana pothyokapo. Theka linali lowala, theka lakuda ndi dzimbiri. Sanapatse a Dickson, anapatsa atate.

"Onani, amalume. Kuda uku n'kwakale. Linayamba kung'aluka Esnart akadali moyo."

Atate anachigwira m'manja. Amene anayankhula ndi a Dickson, ndipo sanayankhule mwaukali. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Nanga bwanji pano, alamu? Msewu wonse uwu, bwanji pa mphambano yanga?"

Ottilia anabwerera pa habu. Anapukuta mabowo ndi kansalu, ine ndinathamanga kukachotsa bawuti limodzi ku gudumu lililonse lakutsogolo. Chitsa chachitatu anachisiya momwemo, anati chimenecho adzachiona pa shedi. Tinakweza gudumu, analowetsa mabawuti anayi ndi zala kaye kuti aone ngati akuyenda bwino, kenako anamanga mopingasa, ili kenako la kutsidya kwake. Nditatsitsa jeke anamangitsanso yekha ndi sipanala, chala chikudontha, ndipo anazungulira magudumu onse kuyesa lililonse. Sanandikhulupirire ngakhale pa limodzi.

Amayi a kwathu anakwera mmodzimmodzi, osayang'ana a Judith. A Judith anakaima pafupi ndi ngolo n'kunena kuti zimene zidzachitike tisadzawafunse. A Dickson sanakwere. Atate nawo sanabwerere kutsogolo, analowa kumbuyo n'kukhala pansi pakati pa amayi, pafupi ndi bokosi. Ottilia ndiye anali womaliza. Ataponda pa chitseko anatembenuka.

"Alamu, mwafunsa kuti bwanji pano. Mwina a Judith akunena zoona, mwina ndi Esnart waimitsa motoka. Pochoka kwanu ankadzera kuseri kwa khola mbandakucha, nsapato zili m'manja, ngati wakuba. Lero waima pa msewu, masanasana, kuti mumuone bwinobwino akupita."

Anatseka chitseko.

Ndinaliza injini. Ndinayenda pang'onopang'ono, khutu lili ku gudumu lakumbuyo, ndikudikira kugogoda kuja. Mkuyu unafika pa windo, unadutsa. Pa galasi ndinaona a Dickson ataima pakati pa msewu, chipewa chili m'manja, ngolo yopanda kanthu ili pambali pawo. Ndinawamvera chisoni pang'ono, koma buleki sindinaponde.

M'kabasi nyimbo inali isanayambenso. Ndiye ndinamva kumbuyo mawu a atate, osweka, akuyankhula ndi bokosi monga amachitira akulu pouza womwalira kumene afika.

"Esnart, mwana wa mlongo wanga, ndine amalume ako. Pa mphambano tadutsa. Ulendo uno sindikubweza."

Tinafika ku Vubwi dzuwa likadalipo, ndipo tinamuika pafupi ndi mayi ake.